Kavalo: Mawu Amene Anadzera ku Zambezi

Mwana wa ku Chileka amaidziwa ndege kuposa kavalo. Pamsika wa Lirangwe mungapeze mbuzi, nkhuku ndi njinga za kabaza, koma nyama imeneyi ayi. Komabe tikatsekula Buku Lopatulika timakumana ndi akavalo ndi apakavalo kuyambira ku Eksodo mpaka ku Chivumbulutso, pamene pocheza ambiri timati hatchi. Kodi mawu awiriwa anachokera kuti?

Kavalo ndi mawu obwereka ku Chipwitikizi, cavalo. Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530, ndipo malonda a mumtsinje wa Zambezi anatisiyira mawu angapo: nsapato (sapato), kalata (carta), mbatata (batata) ndi bulu (burro). Akavalo enieniwo sankachuluka kuno chifukwa kashembe amawapatsa matenda, koma dzina lawo linakhala. Pamene Buku Lopatulika linamalizidwa kumasuliridwa cha m'ma 1922, omasulira anagwiritsa ntchito mawu amenewa. Hatchi ndi mbale wake wa ihhashi wa Chizulu, ndipo onsewa gwero lawo ndi Chingerezi.

Tikakumba mozama tifika ku Roma. M'Chilatini mawu aulemu anali equus, pamene caballus anali kavalo wamba wosenza katundu. Mawu onyozekawo ndiwo anapulumuka m'kamwa mwa anthu, nabala cavalo wa Chipwitikizi, caballo wa Chisipanishi ndi cheval wa Chifalansa. Kwa ife lero ndiwo akumveka achikale ndi olemekezeka, oyenera paguwa ndi m'ndakatulo.

Onaninso galamala yake. Ka- wa kavalo si wochepetsa ngati wa kamwana. N'chifukwa chake ambiri timati akavalo, osati "tivalo".

Tanthauzo lake m'Baibulo nalo lisatiphonye. Kavalo kumeneko ndi chida cha nkhondo, monga akasinja a masiku ano. Deuteronomo 17:16 amaletsa mfumu kuchulukitsa akavalo, ndipo Salimo 20:7 limasiyanitsa okhulupirira akavalo ndi okhulupirira dzina la Mulungu. Wowerenga amene akuganiza za chiweto chokongola basi sangamvetse chifukwa chake mfumu ya pa Zekariya 9:9 ikubwera pabulu.

Zoti mukambirane: werengani Chivumbulutso 6:1-8. Akavalo anayiwo ndi a maonekedwe otani, ndipo wokwera aliyense wabweretsa chiyani? Funsaninso agogo kwanu kuti iwo paubwana wawo ankati kavalo kapena hatchi.