Ndowa Yodontheza: Kuthirira Maluwa Oyanga M'madera Otentha

Kapepalaka talembera mabanja, masukulu, mipingo ndi magulu a alimi a m'madera otentha monga Chikwawa ndi Nsanje, amene akufuna mpanda wamoyo kapena mthunzi wa maluwa oyanga pakhomo. Kuchigwa cha Shire si chipululu ayi, koma amene anakhalapo ku Ngabu mu Okutobala akudziwa kuti kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo madzi othira m'mawa sapezeka masana. N'chifukwa chake tabwereka nzeru kwa eni chipululu. Mthirira wodontheza, umene ambiri amangoti diripi, unakhwimira ku Israel, kumene injiniya Simcha Blass ndi anthu a ku Hatzerim, m'chipululu cha Negev, anayambitsa kampani ya Netafim mu 1965. Ndowa tikunenayi imatsata njira yomweyo, koma siifuna injini, mafuta kapena magetsi.

Chipangizocho

Pali ndowa ya malita 20, kasefa, ndi paipi yakuda yopyapyala ya timabowo totalikirana masentimita 30. Kawirikawiri mzere umodzi umatalika mamita 15. Ikani ndowa pathandala lotalika mita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, yalani paipi m'mbali mwa mpanda timabowo titayang'ana kumwamba, pindani kumapeto n'kumanga. Basi, mwamaliza.

Duwa loti mudzale

Timalimbikitsa Cape honeysuckle, limene akatswiri a zomera amati Tecoma capensis. Kwawo ndi ku South Africa ndi kumwera kwa Mozambique, ndipo m'bale wake amamera yekha m'mapiri a ku Malawi konkuno. Ku Phoenix, m'chipululu cha Arizona ku America, amalidzala m'makomo chifukwa likagwira limapirira dzuwa. Maluwa ake ndi ofiirira, aataliatali, ndipo timbalame toyamwa timadzi ta m'maluwa sitichokapo. Mbewu yake njosavuta: gonekani nthambi pansi, ikwirireni pakati, ikatulutsa mizu iduleni. Dzalani ndi mvula yoyamba, m'maenje a manyowa owolerana, motalikirana mita imodzi ndi theka. Lilibe zogwirira ngati za dzungu kapena chipwete, choncho limangirireni ku nsungwi kapena ku waya. Pewani khoma loyang'ana kumadzulo ndi mpanda wa malata, chifukwa masamba amapserera pamenepo.

Musaboole paipi, musachotse sefa

Apa ndi pamene tikufuna mumvetsetse, chifukwa ndowa zambiri zimene timazipeza zitasanduka zotungira madzi osamba zinafera pomwepa. Nkhani yake imakhala yofanana paliponse. Mwini wake amathira madzi, n'kuima pambali manja m'chiuno. Akaona kuti pabowo pakungotuluka dontho limodzilimodzi, ndipo pamwamba panyowa kamalo kochepa kwambiri, amati paipi yatsekeka, kapena amati kusitolo anamugulitsa yakufa. Ndiye amatenga singano, phini, munga kapena msomali n'kuyamba kukulitsa timabowo. Madzi akathovoka mtima wake umakhala pansi. Paipi ija yatha pamenepo.

Timabowoto si mabowo wamba. M'kati mwa paipi, kuseri kwa bowo lililonse, muli kanjira kakang'ono kokhotakhota kamene kamafooketsa mphamvu ya madzi asanatuluke. Kanjirako ndi kamene kamachititsa kuti duwa la pafupi ndi ndowa ndi duwa la kumapeto alandire madzi pafupifupi ofanana. Mukalasa ndi singano mwadumpha kanjirako. Madzi onse amathera m'mamita oyambirira, pamenepo pamachita matope mpaka mizu kuwola, kumapeto kuli gwa. Pakatha milungu ingapo mwini uja amabwera kwa alangizi kudzati diripi njabodza. Bowo lolasidwa silibwereranso mwakale. Chimene mungachite n'kudula chigawo chimenecho n'kulumikiza, ndipo mukalasa malo ambiri ndiye kuti mukagule ina.

Ena sagwira singano koma amazula sefa, ati ikuchedwetsa madzi. Kulakwa kwake n'komweko, kungoti kumaonekera mochedwa. Madzi a mu Shire, a pachitsime chosamanga ndi a m'dambo amakhala ndi matope, mchenga ndi ndere. Sefa ikachoka zonsezi zimakalowa m'tinjira tija n'kutsekadi, ndiye mwini wake amathamangiranso ku singano. Abambo ndi amayi, sefa ikadzadza msanga ndiye kuti ikugwira ntchito imene munaigulira. Itsukeni, musaitaye. Uzaninso ana ndi aganyu, poti nthawi zambiri mwini ndowa amamva malangizo kumsonkhano koma wothirira tsiku ndi tsiku amakhala wina.

Mukakayikira ngati madzi akufika, musayang'ane pamwamba. Dikirani ndowa ithe, kenaka kumbani ndi chala kapena kamtengo pambali pa bowo. Mupeza kuti pansi chinyezi chatambasuka ngati mphika wokwiriridwa, pomwe pali mizu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati bowo lina silikudonthadi, litikiteni ndi zala madzi akuyenda, kapena menyani paipi pang'ono. Madzi akuda atungeni madzulo agone kuti matope akhale pansi, ndipo pothira m'ndowa sefani ndi chitenje chakale. Vindikirani ndowa kuti musamere ndere. Kasefa katsukeni ndi mswachi wakale, ndipo kamodzi pamlungu masulani kumapeto kwa paipi kuti zinyalala zituluke. Singano ikhale kosokera.

Madzi ochuluka bwanji?

Pamzere wa mamita 15 pamakwana maluwa 10, ndiye kuti ndowa imodzi ikupatsa lililonse malita awiri. Mwezi woyamba, mvula ikadula, thirani ndowa imodzi m'mamawa ndi ina madzulo. Akagwira, chepetsani masiku koma onjezerani madzi: ndowa zitatu kapena zinayi motsatizana, kawiri pamlungu, kuti mizu itsike pansi pozizira. Pamchenga pamafunika kuthirira pafupipafupi. Pamakande samalani, chifukwa dothili limasunga madzi, ndipo masamba akayamba chikasu ambiri amaonjezera madzi pamene vuto ndi madzi omwewo. Chaka choyamba maluwa akadali aang'ono, mutha kudzala mpiru kapena tomato pa timabowo ta pakati.

Mijigo ina ya ku Chikwawa ndi Nsanje ili ndi madzi amchere. Mukaona zoyera m'mphepete mwa malo onyowa, musazikokere patsinde ndi khasu. Zipaleni n'kukazitaya, ndipo nthawi ndi nthawi thirirani kwambiri ndi madzi abwino kuti mchere utsike.

Tikudziwa kuti pakhomo posesedwa bwino ndi ulemu wa mayi, koma pansi pa maluwa si pabwalo. Masamba amene timawaunjika n'kuwatentha m'mawa uliwonse ndiwo akanaphimbira nthaka ndi paipi kuti dzuwa lisaziwambe. Phimbirani ndi udzu kapena masamba ouma, kusiya kampata patsinde chifukwa cha chiswe. Chizolowezi chowaza madzi ndi kheni masana dzuwa lili paliwombo n'kutopetsa msana chabe. Nanga mbuzi zimene timazitayirira tikangokolola? Zimadya nsonga zonse, choncho tchingani ndi minga mpaka maluwa atakula.

Kunena zoona, pa zipangizo zimene taonetsapo alimi, ndowa iyi imatisangalatsa kwambiri. Mwana wa sukulu athira ndowa n'kupita m'kalasi, ntchito n'kumayenda yokha. Gogo amene sangathenso kunyamula makheni awiri akhoza kusamala mpanda wonse. Udzu sumera kwambiri kutali ndi paipi chifukwa sikunyowa. Ndipo kuona mpanda uli biriwiri, maluwa ali psu mu Novembala, kwina konse kuli mbuu, n'kosangalatsa zedi!

Mtengo wake

Sitilemba mtengo pano chifukwa mapaipi ndi masefa ambiri amachokera kunja, ndipo mtengo umasintha ndi mphamvu ya kwacha komanso sitolo. Funsani kwa ogulitsa zipangizo zaulimi awiri kapena atatu musanagule. Ndowa mwina muli nayo kale, thandala n'la mitengo ya pakhomo. Magulu amene amagula mpukutu waukulu n'kugawana nthawi zambiri amapeza mpumulo. Paipi ikhoza kutha zaka zingapo kapena chilimwe chimodzi, kutengera dzuwa, makoswe ndi khasu la wopalira, choncho sungani kandalama kogulira zolumikizira.

Mvula ikakhazikika tsukani paipi, iumitseni, ikulungeni mosapinda kwambiri n'kuipachika m'nyumba pomwe makoswe safika. Nthambi zotalikitsa zithenereni maluwa akayoyoka. Ngati mukufuna kuona mmene amalumikizira sefa, pitani ndi ndowa yanu kwa mlangizi wa m'dera lanu musanadule paipi.