MUNDA WA M'BOTOLO

M'chaka cha 1829 mumzinda wa London munali sing'anga wina dzina lache Nathaniel Ward. Munthuyu anakonda zomera, makamaka zija za masamba onga nthenga, zimene Azungu amazitcha fern. Koma zonse zimene anabzala pakhomo pache zinafota, pakuti masiku amenewo utsi wa malasha unali wambiri mumzindamo.

Tsiku lina iye anatenga chikwa cha gulugufe wouluka usiku, nachikwirira m'dothi lonyowa m'botolo, natseka pakamwa pache, kuti aone kutuluka kwa gulugufeyo. Atapita masiku anaona chimene sanachiyembekezere: m'dothi muja munamera kaudzu ndi kafern. Zomerazo zinakhala ndi moyo zaka pafupifupi zinayi, osathiridwa madzi ndi dontho limodzi lomwe.

Nanga madziwo anachokera kuti? Ward anapenyetsetsa, naona kuti dzuwa likatentha, chinyontho chituluka m'dothi ndi m'masamba ngati nthunzi. Nthunziyo ikafika pagalasi lozizira isanduka timadontho, monga achitira madzi pansi pa chivundikiro cha mphika; tsono timadonthoto titsetsereka kubwerera m'dothi, mizu nimwanso. Madzi ndi omwewo, angozungulira, monga mvula ya dziko lapansi ichokera kunyanja nibwereranso komweko. Utsi wa kunja nawonso unalibe polowera.

Pamenepo sing'angayo anapangitsa mabokosi a matabwa ndi galasi. M'chaka cha 1833 anatumiza awiri odzala ndi zomera pangalawa kunka ku Sydney, m'dziko la Australia, ulendo wa miyezi yambiri, ndipo zinafika zamoyo. Ichi chinali chinthu chachikulu, pakuti kale mbande zambiri zinkafera panyanja: madzi a mchere ankaziwaza, ndipo amalinyero sankalola kuthirira mitengo madzi akumwa pamene iwo omwe anali ndi ludzu. Ward analemba buku la zimenezi m'chaka cha 1842, ndipo patangopita zaka zowerengeka Robert Fortune ananyamula mbande za tiyi zambirimbiri m'mabokosi otere kuchokera ku China kunka ku India.

Mwana wofuna munda wotere safunika ndalama. Apeze botolo loyera la kukamwa kwakukulu, alitsuke. Pansi aike timiyala, kuti mizu isakhale m'madzi. Pamwamba pache makala osinja pang'ono, oletsa fungo. Kenaka dothi lakuda la pansi pa mitengo. Zomera asankhe zazing'ono za pamthunzi, monga ndere za pamiyala ya kumtsinje, nazibzale ndi kamtengo. Zomera za pouma, monga khonje, sizikhala m'botolo lotseka, ziola. Amene ali ndi luso aikamo mwala ngati phiri, ndi mchenga woyera ngati kanjira, ngakhale ena achulukitsa zokometsera kufikira zomera zisowa malo.

Ambiri aononga munda wawo ndi chifundo: athira madzi ochuluka. Madzi a m'supuni ziwiri kapena zitatu akwanira botolo laling'ono. Botolo likhale powala, koma osati padzuwa lenileni, pakuti m'katimo mutentha zomera nizipsa. Galasi likachita nkhungu tsiku lonse, atsegule kufikira mawa. Likaonetsa timadontho m'mawa mokha, masana niliyera, alisiye lotseka.