NGOLO YA MCHIKUMBE: KUSANKHA EKISELO NDI MASIPULING'I

M'minda ya tiyi ya ku Thyolo, monga wa Satemwa umene unatsegulidwa mu 1923, mathirakitala amakoka ngolo za masamba kunka nazo ku fakitale. Eni minda adziwa kuti tsamba likatunduzika kapena kutentha panjira lifiira, mtengo wake nutsika. Alimi a chimanga ndi fodya titengepo phunziro, pakuti tsamba la fodya nalonso silifuna kuphwanyidwa pochoka kumunda kunka kuchigafa. Tsono mphamvu ya ngolo ili pa ekiselo, ndiwo mtanda wachitsulo umene ugwira magudumu.

MITUNDU ITATU YA EKISELO

1. Yozungulira m'zipika za mtengo. Iyi ndiyo yotsika mtengo. Zipikazo zisemedwa ku mtengo wolimba monga muwanga, niziviikidwa mu oilo wakutha wa galimoto. Zikadyeka, mmisiri wa pamudzi asema zina. Kuipa kwake nkwakuti ngolo ilemera pokoka, ndipo ngati magudumu ali achitsulo katundu agwedezeka pa mwala uliwonse.

2. Ya kumbuyo kwa galimoto yakutha, imene ambiri aitcha difu. Ili ndi mabeling'i ndi matayala a mpweya, kotero ng'ombe sizitopa msanga. Koma walira mvula walira matope: tayala liphwa ndi minga, ndipo zitsulo za galimoto yakale zivuta kupeza. Musanalipire, kwezani mbali imodzi ndi kuzunguza gudumu. Likalira kapena kugwedera, beling'i yatha.

3. Yatsopano, yopangidwira ngolo. Ipepuka kuposa difu ndipo ikhalitsa, koma mtengo wake ngwokwera. Sankhani imene matayala ake apezeka pafupi ndi kwanu.

KODI MASIPULING'I AFUNIKA?

Yankho lili pa liwiro. Ngolo yokokedwa ndi galimoto kapena thirakitala yothamanga makilomita 20 pa ola kapena kupitirira idumpha ikagunda dzenje, ndipo apo masipuling'i athandiza. Alipo a zitsulo zosanjikiza, amene apirira katundu wolemera. Chitsulo chimodzi chikathyoka musintha chokhacho. Alipo ena a mphira wotsekeredwa m'kati mwa ekiselo. Awa ayenda mofewa ndipo safuna girizi, koma akatha mugula ekiselo yonse.

Ng'ombe ziyenda makilomita 3 kapena 4 okha pa ola. Pa liwiro lotere mpweya wa m'tayala ukwanira kufewetsa ulendo. Masipuling'i angoonjezera mtengo ndi kulemera, nakweza ngolo m'mwamba. Ndipo ngolo yaitali msinkhu sichedwa kugubuduzika podutsa m'mbali mwa phiri.

ZOFUNIKA M'DZIKO LA MAPIRI

Ndalama imene mukadagulira masipuling'i gulirani buleki. Potsika chitunda, ngolo yopanda buleki ikankha goli kufikira kunyanga za ng'ombe, ndipo ingathe kuzigwetsa, kuzithyola miyendo kapena kupweteka woyendetsa. Mtengo wokhuzana ndi matayala onse awiri, wokokedwa ndi chogwirira kumbuyo, ugwira ntchitoyi bwino.

Ekiselo ikhale kumbuyo pang'ono kwa pakati pa ngolo, kuti goli litsamire pang'ono pakhosi pa ng'ombe. Ikapita kumbuyo kwambiri, ng'ombe zisenza katundu ndi khosi nizituluka zilonda. Ikabwera patsogolo, goli linyamuka pokwera chitunda ndipo zingwe zizitsamwitsa.

Pa msewu wabwino wa m'chigwa, ng'ombe ziwiri zamphamvu zikoka tani imodzi, ndiwo matumba 20 a makilogalamu 50. M'zitunda zonga za ku Thyolo pakirani theka lokha, ndipo yendani kawiri. Pakani girizi nyengo yokolola isanayambe, mangitsani mabauti, ndipo ngolo igone pamthunzi, popeza dzuwa ling'amba matayala.

Musanapereke ndalama yanu, kambiranani ndi Mlangizi wa Malimidwe wa kwanu, ndipo ngati nkutheka mukaone ngoloyo pamodzi.