Nyali ya VSC yayaka: kodi sensa ndingasinthe ndekha?

Funso: Ndili ndi Toyota Corolla yochokera ku Japan. Nyali ya VSC yayaka pamodzi ndi ya ABS, ndipo mnzanga akuti yafa ndi sensa. Kodi ndingagule ina n'kuika ndekha? — Wowerenga wa ku Zomba

Yankho: Bambo, musathamangire kugula. VSC, yomwe imathandiza kuti galimoto isaterereke, imadalira masensa angapo: tayala lililonse lili ndi yake yoyeza liwiro, ina imaona mmene mwakhotetsera chiwongolero, ina imazindikira galimoto ikayamba kuterereka. Yambani mwapita kwa makaniko amene ali ndi makina owerenga ABS kuti akuuzeni yolakwikayo. Pa Toyota zambiri, ngakhale vuto la injini limayatsa nyali ya VSC.

Sensa yolakwikayo ikakhala ya tayala lakutsogolo, mungathe ndithu. Kwezani galimoto, muichirikize ndi chitsulo cholimba. Jeke yekha musamudalire. Mukachotsa tayala muona kawaya ka sensa kolowera kuseri kwa habu, komangidwa ndi bawuti imodzi, kawirikawiri ya sipanala ya 10. Kayang'anitsitseni kaye, chifukwa m'misewu yathu yamatope ndi miyala nthawi zambiri chimene chaduka ndi waya, sensayo ili bwinobwino. Pukutani dzenje lolowamo sensa musanalowetse yatsopano, ndipo nambala yake ifanane ndi yakaleyo.

Ya pachiwongolero ndikukupemphani muisiye. Imakhala pafupi ndi airbag, yomwe ikhoza kukuphulikirani kumaso. Yozindikira kuterereka nayo ikasinthidwa imafunika kuichuna ndi kompyuta, galimoto itaima pamalo athyathyathya, apo ayi VSC ingamagwire mabuleki pakona popanda chifukwa.