Foni yanga yati ndili ndi mdani wobisika

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 34, ndimagulitsa kaunjika mu Lilongwe. Mng'ono wanga wa ku Johannesburg anandiuza za pulogalamu ya pafoni yopenda nyenyezi. Ndinalembamo tsiku lobadwa, koma pa nthawi ndinangoika 5 koloko m'mawa poti mayi amati ndinabadwa atambala akulira. Zotsatira zinati Saturn ali m'nyumba ya 12, ya adani obisika. Chiwerengereni zimenezi mtima wanga uli pa mnzanga amene tinayambira limodzi geni. Ndinamukongoza K150,000 yoonjezera pa belo, wabweza theka, ndipo masiku ano tikakumana ku banki m'khonde amayang'ana kumbali. Malonda anganso alowa pansi. Kodi mdaniyo si ameneyu? Ndimutaye?

Wodandaula, Area 25

Mwanangu,

Tiyambe ndi nyumbazo, poti ndizo zakusowetsa tulo. Openda nyenyezi amadula thambo magawo 12 malinga ndi mmene linalili pa mphindi imene munthu anabadwa, pamalo amene anabadwirapo. Gawo lililonse amalitcha nyumba, n'kulipatsa ntchito yake. Ya 11 ndi ya abwenzi ndi okugwira dzanja. Ya 7 ndi ya adani oonekera, oti mumalozana zala kapena kukokerana kukhoti. Yomweyonso ndi ya mwamuna wako wapabanja, ndipo apa Azakhali angotseka pakamwa. Ya 12 ndiye yakoyo. William Lilly, Mngelezi amene anatulutsa buku lotchuka la zimenezi mu 1647, anaunjikamo adani amseri, afiti, ndende, chisoni, mpaka ng'ombe ndi akavalo. A ku India adani amawaika makamaka m'nyumba ya 6, pamodzi ndi ngongole ndi matenda. Eniakewo sagwirizana kumene mdani amagona.

Tsono tamvetsera. Dziko limazungulira kamodzi pa maola 24, choncho pulaneti imasamuka nyumba pafupifupi maola awiri alionse. Iwe nthawi unachita kuyerekeza. Atambala amayamba kulira kukadali mdima bii mpaka dzuwa kutuluka, ndipo mayi amene ali pa ululu wobereka sayang'ana wotchi. Ukanalemba 7 koloko, Saturn yemweyo akanatha kupezeka m'nyumba ya 11, ya abwenzi. Tayesa madzulo ano uone. Njira zodulira nyumbazi nazonso n'zingapo, monga ya Placidus ndi ya Koch, moti pulogalamu ina ingakuuze zina. Ndipo mu 1985 magazini ya sayansi ya Nature inasindikiza kafukufuku wa Shawn Carlson, amene anapatsa akatswiri a nyenyezi matchati a thambo la pa nthawi imene anthu anabadwa kuti aloze eniake. Sanapose munthu wongolotera.

Chimene chandidetsa nkhawa n'china. Foni sinatchule dzina la munthu. Dzinalo waikapo ndiwe. Kumudzi tinaziona izi: munthu apita kwa sing'anga, auzidwa kuti wakuchita ali pafupi, abwerera kunyumba n'kuyamba kuyang'ana agogo ake ndi diso lofiira. Mawu oti "mdani wobisika" amakwana aliyense amene wakukhumudwitsa sabata imeneyo.

Mnzakoyu ndikumuona bwinobwino ndili kuno. Wofuna kukudyera sabweza theka. Amangozimitsa foni n'kusamuka msika. Amene wabweza K75,000 n'kumayang'ana kumbali ndi munthu amene manyazi amugwira, ndipo mwina akamakuona ukulowa amayamba kuwerengera mumtima zimene alibe. Za malonda, funsa anzako pamzere wanuwo ngati alipo amene zikumuyendera. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mabelo inakwera mpaka ogulitsa kaunjika anaguba kupita ku Nyumba ya Malamulo mu Febuluwale 2025. Onsewo Saturn anali m'nyumba ya 12?

Pita kwawo. Osati pamsika pamene makasitomala akusankha malaya, osatinso ku banki pamaso pa gulu, ndipo za pa WhatsApp ayi. Ukhale pamkeka, umufunse za ana kaye, kenako unene mosazungulira: "Mnzanga, ndaona ukundizemba. Ngati ndi ndalama ija, tiye tigwirizane mmene uzibwezera." Akati K5,000 pa sabata, landira, mulembe m'kope, wina wa ku banki asainire ngati mboni. Usamukongozenso kufikira atamaliza, ndipo umuuze zimenezo nkhope ili gwa koma mopanda ukali.

Za Saturn usazitchule n'komwe pamenepo. Munthu sangaiwale kuti unamuyesa mdani. Akakana pamaso pako kuti sanatenge ndalama, imeneyo ndi nkhani ina, ya wapampando wa banki kapena a mfumu a m'dera lanu, ndipo undilemberenso.

Azakhali