Kusankha hotela yapamwamba ku Johannesburg: mafunso ndi mayankho

Amene amapita ku Joni kukachita msonkhano, kukaonana ndi madokotala kapena kukapuma ndi banja, ena amafuna kugona pamalo abwino ndithu, ngakhale atalipira zambiri. Mahotela odula aliko ochuluka, koma si onse angakuyenereni. Nawa mafunso amene ndi bwino kuwayankha ndalama isanatuluke m'thumba.

Ndiyambe ndi chiyani, dzina la hotela kapena dera?

Yambani ndi dera. Johannesburg ndi mzinda womwazikana, ndipo m'mawa ndi madzulo magalimoto amathithikana pa misewu ya M1 ndi N1 moti ulendo waufupi ukhoza kukudyerani ola lathunthu. Mukagona kutali ndi kumene kuli ntchito yanu, chipinda chokongolacho muzingochiona usiku mutatopa kale.

Kale mahotela otchuka anali pakati pa mzinda. Carlton Hotel, imene idatsegulidwa mu 1972, ndiyo inkalandira alendo olemekezeka, koma idatseka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 makampani atayamba kusamukira kumpoto. Msika wa masheya wa JSE nawo udasamukira ku Sandton mu 2000, ndipo mahotela adatsata kumene kudapita ndalama. Lero muyang'ane ku Sandton, Rosebank, Melrose Arch, Sandhurst ndi Westcliff.

Ngati msonkhano wanu uli ku Sandton Convention Centre, musavutike n'kufufuza kwina. Mahotela ozungulira Nelson Mandela Square ali pafupi moti mungapite wapansi, ndipo masitolo a Sandton City ali pomwepo. Rosebank ndi kwa amene amakonda kutuluka madzulo n'kukhala pa lesitilanti ya m'mbali mwa msewu. Sandhurst ndi Westcliff ndi madera a nyumba za anthu, a mitengo yambiri ndi mipanda italiitali. Kumeneko kuli bata, koma kulikonse kumene mukupita mufunika galimoto.

Nanga ndege yanga ikamatera usiku kapena kunyamuka m'bandakucha?

Sitima ya Gautrain, imene idayamba kuyenda mu 2010, imatenga pafupifupi mphindi 15 kuchoka pa bwalo la ndege la OR Tambo kufika ku Sandton. Koma siyenda usiku wonse, choncho onani nthawi yake musanadalire. Mukatera mochedwa, uzani hotela idzakutengeni, ndipo mumve mtengo wake pasadakhale. Ngati mukungogona usiku umodzi kuti mukwere ndege ina m'mawa, InterContinental ili pa bwalo pomwepo, kungowoloka msewu kuchokera potulukira alendo.

Kodi nyenyezi zisanu si umboni wokwanira?

Ndi poyambira chabe. Ku South Africa bungwe la Tourism Grading Council of South Africa ndilo limayendera malo ogona alendo n'kupereka nyenyezi, kuyambira imodzi kufika zisanu. Palibe lamulo lokakamiza hotela kuyesedwa, ndiye nyenyezi zimene mukuona pa intaneti nthawi zina zidachokera kwa eni hotela kapena kwa kampani yosungitsira zipinda. Funsani ngati ndi za bungweli.

Ngakhale zitakhala zenizeni, nyenyezi zimangokuuzani zimene zilipo: chipinda chachikulu, chakudya chobwera kuchipinda, munthu wonyamula katundu. Sizikuuzani ngati khoma ndi lopyapyala, kapena ngati wa polandirira alendo amayankha foni 2 koloko usiku mwana atatentha thupi. Kwa ine izi ndi zimene munthu amalipirira ndalama zambiri chotero, osati nyali zonyezimira za pakhomo.

Ndifunse chiyani za magetsi ndi madzi?

Funso ili ambiri amachita nalo manyazi pa hotela yodula, chonsecho ndi lofunika kuposa ena onse. Kuthimathima kwa magetsi a Eskom kudafika poipa kwambiri mu 2023, ndipo mahotela akuluakulu ali ndi majenereta. Koma musakhutire ndi yankho loti jenereta ilipo. Funsani zimene imayendetsa. Pali malo amene jenereta imangoyatsa nyali ndi intaneti, koma makina oziziritsa kapena kutenthetsa chipinda amazima. Funsaninso za chikepe, makamaka ngati mukuyenda ndi agogo kapena munthu amene wangochitidwa opaleshoni, chifukwa kukwera masitepe a nyumba yosanja kakhumi si nkhani yamasewera kwa wodwala.

Madzi nawo akhala akuvuta m'madera ena a mzindawu, nthawi zina kwa masiku angapo, mapaipi akaphulika kapena pokonza mapampu. Hotela yodziwa ntchito yake imakhala ndi matanki akeake kapena mjigo, ndipo wogwira ntchito amakuyankhani mosazengereza kuti madziwo angakwane nthawi yaitali bwanji. Akayamba kuzungulira poyankha, dziwani kuti nkhaniyi sadaikonzekere.

Imbani foni kapena lembani kalata pa imelo musanalipire. Mmene akuyankhirani pa funso laling'ono ngati limeneli ndi mmenenso adzakusamalireni mukafika.

Mtengo umene ndikuona ndi womwewo ndidzalipire?

Osati nthawi zonse. Msonkho wa VAT ku South Africa ndi 15 peresenti, ndipo kawirikawiri umakhala uli kale mumtengo, koma tsimikizani. Mahotela ambiri amawonjezeranso 1 peresenti yothandizira kutsatsa zokopa alendo. Kadzutsa akhoza kukhala wapadera, chimodzimodzi malo oimika galimoto. Zakumwa za m'kafiriji ka m'chipinda n'zodula kwambiri kuposa za m'sitolo.

Chimene chimadzidzimutsa ambiri ndi ichi. Mwafika, katundu ali pa ngolo, mayi wa polandirira alendo akumwetulira n'kunena kuti, "Tingaone pasipoti ndi khadi lanu, bwana?" Alowetsa khadi m'makina, foni yanu ilira kuti ndalama yatuluka yoposa ya chipinda. Sanakubereni. Amagwira ndalama ina ngati chikole cha zimene mungadye kapena kuchapitsa. Vuto n'lakuti pa khadi lotapira ndalama za mu akaunti yanu, ndalamayo imakhala yomangika mpaka banki itaimasula, ndipo zimatha kutenga masiku mutachoka kale. Amene khadi lawo ndi la banki ya kwathu akuyenera kufunsiratu ku banki kuchuluka kwa ndalama zimene angagwiritse ntchito kunja, n'kufunsanso hotela kuti chikolecho ndi marandi angati pa usiku.

Onaninso ngati mungabwezeredwe ndalama ulendo ukalephereka. Mtengo wotsikirapo nthawi zambiri ndi uja wosabweza. Ngati tsiku la kuchipatala kapena la msonkhano lingasinthe, lipirani wokwererapo.

Pali nthawi imene mitengo imatsika?

Inde. Mahotela a ku Sandton amadalira anthu a bizinesi, choncho Lachisanu mpaka Lamlungu amakonda kutsika mtengo, komanso mu December anthu ambiri akapita kunyanja kukapuma.

Ndipemphe chipinda chotani?

Chapamwamba, chotalikirana ndi chikepe, choyang'ana kumbali yopanda msewu waukulu. Funsani ngati pafupi pali nyumba ikumangidwa, poti ku Sandton kumanga sikutha. Mzindawu uli pamalo okwera pafupifupi mamita 1,750, ndipo usiku wa June ndi July kumazizira kufika pochita chisanu, ndiye chotenthetsera chipinda chikhale chogwira ntchito. Mapulagi a kumenekonso ndi a mano ozungulira, osiyana ndi athu a mano atatu amakona. Pemphani cholumikizira polandirira alendo kapena mugule pa bwalo la ndege.

Ngati mwapita kukapuma, malo enieniwo akhale mbali ya ulendo. Four Seasons ya ku Westcliff idamangidwa m'mbali mwa phiri moyang'ana malo osungira nyama a Johannesburg Zoo, ndipo mu October mitengo ya jakaranda ikachita maluwa, mumaona dera lonse m'munsimo litasanduka lapepo. Saxon ya ku Sandhurst idali nyumba ya wabizinesi Douw Steyn, ndipo Nelson Mandela adakhalamo kwa kanthawi atatuluka m'ndende mu 1990.

Zimene alendo ena alemba ndizikhulupirire?

Werengani za miyezi yaposachedwa, makamaka za amene sadayamikire kwambiri komanso sadakwiye kwambiri. Munthu mmodzi akadandaula za phokoso, mwina adangogona moipa. Anthu asanu akatchula phokoso lomwelo, lilipo.

Ndafika, koma chipinda sichikundikomera. Nditani?

Musamasule chikwama. Tsegulani mpopi muone ngati madzi otentha akubwera, yatsani makina oziziritsa, tsekani zenera n'kumvetsera kwa kanthawi. Ngati pali fungo la fodya, chinyezi kapena phokoso, bwererani polandirira alendo nthawi yomweyo, munene mwaulemu chimene chavuta, ndipo mupemphe kuona chipinda china. Masana zipinda zopanda anthu zimakhalapo. Mukadikira mpaka usiku, mwina zonse zidzakhala zitatengedwa. Akakulonjezani kukusamutsani mawa kapena kukuchotserani mtengo, pemphani kuti azilembe pa bilu yanu, ndipo mutenge dzina la manijala amene ali pantchito tsikulo.