Injini Ikatentha, Musathamangire Kutaya Thermostat

Ambiri a ife tinakwerapo galimoto imene inaima panjira chifukwa injini yatentha. Mwina munali pa chitunda cha Thabwa pochokera ku Chikwawa. Mwina munali pa Chiŵeta, kapena pa Khwekhwerere pokwera ku Dedza. Dalaivala anatsika, natsegula boneti, nthunzi ili tolotolo! Mnyamata wake anathamangira kumtsinje ndi chigubu. Inu munakhala pansi pa mtengo, matimati anu akufota padzuŵa, nthaŵi ya msika ikutha.

Pamalo otere sipalephera munthu wonena kuti, "Chotsani thermostat! Kuno n'kotentha. Imeneyo ndi ya maiko ozizira." Ambiri amamvera. Amaichotsa n'kuiponya patchire. Galimoto imayenda ndithu. Koma pakapita miyezi mwini wake amadabwa. Mafuta akutha msanga, utsi wachuluka, ndipo nthaŵi zina kutentha kuja kwabweranso.

Ngakhale mulibe galimoto, ŵerengani phunziro lino. Mwina gulu lanu lili ndi thirakitala kapena lole. Mwina mwana wanu ndi dalaivala. Injini ndi yodula kwambiri, koma thermostat ndi yotsika mtengo.

Kodi thermostat n'chiyani?

Injini ikamalira, mkati mwake mumayaka moto. Popanda choziziritsa, zitsulo zikhoza kufufuma n'kugwirana. N'chifukwa chake mumayenda madzi. Pampu imakankha madzi kuzungulira injini. Madziwo amatenga kutentha napita nako ku rediyeta. Kumeneko mphepo imaŵaziziritsa, kenaka amabwereranso.

Koma injini sifunanso kuzizira kwambiri. Amayi akudziŵa za mphika wa nsima. Moto ukachepa, nsima siipsa. Moto ukachuluka, nsima ipserera. Injini nayonso ili ndi muyeso wake. Zambiri zimagwira bwino ntchito madzi akafika pafupi ndi madigiri 90.

Thermostat ndiyo imasunga muyeso umenewu. Ndi kachitseko ka panjira ya madzi, pakati pa injini ndi rediyeta. Kukula kwake kumakwana pachikhatho. M'galimoto zambiri imakhala pamene paipi yapamwamba ya rediyeta yalumikizana ndi injini. M'galimoto zina imakhala pa paipi yapansi. Imavundikiridwa ndi chitsekerero cha mabauti aŵiri kapena atatu.

Mkati mwake muli phula, ndipo kunja kuli sipuling'i. M'maŵa injini ikakhala yozizira, phula ndi louma ndipo kachitseko ndi kotseka. Madzi amangozungulira m'injini momwemo, choncho amatentha msanga. Akatentha, phula limasungunuka ndi kufufuma, n'kukankha kachitseko kaja. Apo madzi amadutsa kupita ku rediyeta. Akazizira, phula limaumanso, sipuling'i n'kubweza kachitseko.

Mukaiyang'anitsitsa mudzaona nambala yodindidwa pachitsulo, kaŵirikaŵiri 82 kapena 88. Nambalayo ikunena madigiri amene thermostat imayambira kutseguka. Apa mpamene kudziŵa kuŵerenga kumathandiza.

Matenda ake aŵiri

Thermostat ikakalamba imafa m'njira ziŵiri.

Njira yoyamba, imakanirira ili yotseka. Madzi safika ku rediyeta. Mukangoyenda pang'ono, muvi wa geji umakwera mpaka pofiira. Uku ndiko kufa koopsa, chifukwa injini ikhoza kuonongeka tsiku lomwelo.

Njira yachiŵiri, imakanirira ili yotseguka. Madzi amangodutsa nthaŵi zonse. Injini imachedwa kutentha, makamaka m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi. Potsika chitunda muvi umagwa pansi. Injini yozizira imamwa mafuta ambiri, imatulutsa utsi, oilo amada msanga, ndipo zitsulo zimaperepeseka pang'onopang'ono.

Tsono taonani. Munthu wochotsa thermostat wadzipatsa yekha matenda achiŵiriŵa. Ndiponso m'injini zina thermostat ikatseguka imatseka kanjira kachidule ka madzi. Mukaichotsa, madzi ambiri amadzera kachidule komweko osafika ku rediyeta, ndipo injini imatenthabe.

Choyamba, samalani thupi lanu

Muvi ukafika pofiira, imani pambali pa msewu ndi kuzimitsa injini. Musatsegule chitsekerero cha rediyeta. Madzi a mmenemo ndi opanikizika, ndipo amatentha kuposa madzi oŵira a pamoto. Mukatsegula amatumphuka n'kukuotchani kumaso ndi m'manja. Dikirani theka la ola kapena kupitirira apo, mpaka mutatha kugwira paipi ndi dzanja. Potsegula ikani chisanza chochindikala, ndipo potozani pang'onopang'ono.

Musathire madzi ozizira m'injini yotentha. Chitsulo chikhoza kung'aluka. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yambani ndi zapafupi

Si kutentha konse kumene kumachokera ku thermostat. Injini ikazizira, yang'anani zinthu izi musanagwire sipanala.

1. Madzi alimo okwanira? Ngati achepa, apita kuti? Yang'anani pansi pa galimoto ngati padontha. Yang'ananinso mapaipi ndi rediyeta.

2. Lamba woyendetsa pampu ali bwino? Akaduka kapena kukhwepa, madzi sayenda.

3. Fani ikuzungulira? Fani yamagetsi imayamba yokha injini ikatentha. Musaike dzanja pafupi nayo.

4. Maso a rediyeta ndi oyera? Udzu, matope ndi tizilombo zimatseka mphepo. Izi zimachitika kwambiri pa thirakitala ya kumunda.

5. Chitsekerero cha rediyeta chili ndi mphira wabwino? Mphira wong'ambika amachititsa madzi kuŵira msanga.

Zonsezi zikakhala bwino, ndiye tikhoza kuikayikira thermostat.

Kuyesa ndi dzanja

Yesani m'maŵa injini ili yozizira. Lizani injini, galimoto ili chiimire. Gwirani paipi yochokera pa thermostat kupita ku rediyeta. Samalani fani ndi lamba, ndipo pindani manja a malaya. Wina akhale mkati kuyang'ana geji.

Ngati paipi yakhala yozizira kwa kanthaŵi, kenaka n'kutentha mwadzidzidzi muvi utafika chapakati, thermostat ili bwino.

Ngati paipi yayamba kufunda pang'onopang'ono kuchokera pachiyambi, ndipo muvi sukukwera, thermostat yakanirira yotseguka. Mwinanso wina anaichotsa kale.

Ngati muvi wapitirira pakati koma paipi ikadali yozizira, zimitsani injini msanga. Madzi sakudutsa. Mwina ndi thermostat, mwina ndi pampu. Kuti tidziŵe zoona, tiyese m'chitini.

Kuyesa m'chitini

Dikirani injini izizire. Khetserani madzi ena m'beseni. Masulani mabauti a chitsekerero chija ndi kutulutsa thermostat. Onetsetsani mmene inakhalira, kuti musadzaike chozondoka.

Iyang'aneni isanaloŵe m'madzi. Ngati ndi yotseguka ili yozizira, yafa basi.

Ngati ndi yotseka, tengani chitini chakale, osati poto wophikira. Thirani madzi. Mangani thermostat ndi waya, n'kuilendeŵetsa m'madzimo osagunda pansi. Ikani chitini pa mbaula ndipo yang'anitsitsani. Thermostat yabwino imayamba kutseguka madzi asanaŵire. Akamaŵira imakhala itatseguka mpata waukulu, pafupifupi kunenepa kwa pensulo. Mukaivuula, imatsekanso yokha ikamazizira. Ngati madzi aŵira koma iyo ili duu, kapena yangotseguka pang'ono, yafa.

Dziŵani kuti galimoto zina zamakono zili ndi thermostat ya nambala yoposa 95. Yotere chitini sichingakuuzeni zoona, chifukwa kumalo okwera monga Lilongwe ndi Dedza madzi amaŵira asanafike pa madigiri 100. Imeneyo pitani nayo kugalaja.

Kuika yatsopano

Thermostat yakufa sikonzedwa. Pitani nayo kusitolo kuti muyerekeze. Ŵerengani nambala nokha, ndipo gulani yofanana ndi yakale. Gulaninso gasiketi yatsopano. Palani bwino pamene panali gasiketi yakale. Mbali ya sipuling'i iloze ku injini. Ngati pali kabowo kotulutsira mpweya, kakhale kumwamba. Mangani mabauti mofanana, osalimbitsa kwambiri. Thirani madzi oyera osakaniza ndi mankhwala a rediyeta, amene amateteza dzimbiri. Lizani injini, yang'anani ngati sipakudontha, ndipo ikazizira onjezerani madzi.

Mankhwala a rediyeta ndi poizoni, koma amatsekemera. Musasiye beseni poyera pamene pali ana, agalu kapena nkhuku.

Ngati muli pakati pa ulendo ndipo thermostat yakanirira yotseka, mukhoza kuichotsa kuti mukafike kugalaja. Koma mukafika, ikani ina. Musazengereze.

Pamene pafunika makaniko

Ngati thermostat yapezeka yabwino, ibwezereni. Vuto lili pena. Mukaona thovu likutuluka m'rediyeta injini ikulira, kapena oilo asanduka ngati tiyi wamkaka, kapena utsi woyera ukutuluka kumbuyo osaleka, mwina gasiketi ya mutu wa injini yapsa. Musayendenso. Itanani makaniko. Muuzeni zonse zimene mwayesa kale, ndipo m'funseni chimene akufuna kusintha ndi chifukwa chake. Safunsa anadya phula.

Mau atsopano

thermostat, rediyeta, gasiketi, geji, sipuling'i, madigiri

Mafunso

1. Kodi mkati mwa thermostat muli chiyani?
2. Nambala 82 yodindidwa pa thermostat ikunena chiyani?
3. Tchulani zinthu zitatu zoyang'ana musanamasule thermostat.
4. N'chifukwa chiyani sitiyenera kutsegula rediyeta injini ili yotentha?
5. Munthu akakuuzani kuti, "Kuno n'kotentha, chotsani thermostat," mungamuyankhe chiyani?

Zochita

Pemphani makaniko wa kwanuko akubwerekeni thermostat ziŵiri, yabwino ndi yakufa. Bwerani nazo kukalasi pamodzi ndi chitini, waya ndi mbaula. Aliyense aŵerenge nambala ndi kuilemba m'kope lake. Kenaka yesani zonse ziŵiri panja, ndipo lembani ziganizo zitatu zofotokoza zimene mwaona.